Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mayunivesite aboma: titsegulireni khomo lakutsogolo la malabotale anu

Olemekezeka akuluakulu oyendetsa mayunivesite aboma, mamembala a makhonsolo a mayunivesitewa, komanso inu a bungwe la National Commission for Science and Technology,

Ine ndine mwini kafakitale kakang'ono kogaya chiponde ndi kusankha mtedza wogulitsa kunja, ndipo mtedza wambiri umene ndimagwiritsa ntchito ndimaugula kwa alimi a ku Mchinji ndi ku Kasungu. Ndasankha kukulemberani poyera chifukwa vuto limene ndikufuna kukutulirani si langa ndekha, koma ndi la aliyense amene amaumba mabuloko a simenti, kukumba mijigo, kufinya mafuta a mpendadzuwa, kuika uchi m'mabotolo kapena kusakaniza chakudya cha nkhuku, amene tsiku lina amafunika munthu wodziwa woti amuyezere katundu wake ndi kumuuza zoona. Pempho langa ndi loti malabotale ndi makina ofufuzira amene ali m'manja mwanu ayambe kugwira ntchito za amalonda ndi mafakitale mwa dongosolo lodziwika, lokhala ndi mtengo wolembedwa, risiti, pangano ndi tsiku lolandirira zotsatira, m'malo mwa njira zamseri zimene zilipo lerozi.

Ndiloleni ndiyambe ndi zimene zinandichitikira. Wogula wina wakunja atakonda mtedza wanga anandiuza kuti sangalandire thumba ngakhale limodzi popanda chikalata chosonyeza kuchuluka kwa aflatoxin, poizoni amene amachokera ku chuku chomera pa mtedza kapena chimanga chosauma bwino. Poizoni ameneyu saoneka ndi maso, samveka kukoma kwachilendo, ndipo sachoka ngakhale mtedzawo muukazinge. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo akachuluka amapha msanga, monga zinachitikira ku Kenya mu 2004 pamene anthu 125 anamwalira atadya chimanga choipitsidwa. Mayiko a mu European Union salola kuti mtedza wodyedwa mwachindunji ukhale ndi poizoniyu wopitirira mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu, mlingo waung'ono kwambiri moti ndi makina okha amene angauone. Choncho ndinanyamula timatumba ta mtedza m'chikwama n'kupita ku yunivesite ina imene ndinamva kuti ili ndi makina otere.

Pachipata mlonda anandifunsa dzina la munthu amene ndikukamuona, ndipo ndinalibe dzina loti nditchule chifukwa ndinkafuna ntchito, osati munthu. Mlembi wa dipatimenti anandiuza kuti ndilembe kalata kwa mkulu woona zolembalemba za yunivesite. Kalatayo inapita kwa mkulu wa sukulu, kenako kwa mkulu wa dipatimenti, amene panthawiyo anali ku msonkhano kunyanja. Patatha milungu itatu, bambo wina wogwira ntchito mu labotale anandimvera chisoni n'kunditengera m'chipinda chakumapeto kwa khonde. Pa tebulo panali makina oyezera poizoni wotereyu, otchedwa HPLC, atafunditsidwa chitenje chofwifwa kuopa fumbi, ndipo pambali pake panali kachikwangwani ka bungwe lakunja limene linawagula. Bamboyo anavundukula chitenjecho mwaulemu ngati akuonetsa maliro, n'kundifotokozera kuti makinawo ndi abwinobwino, koma chithereni pulojekiti imene inawabweretsa palibe amene anagulapo mankhwala oyezera, ndipo kachitsulo kamene madzi oyezedwawo amadutsamo kanatha ntchito kalekale. Titatuluka panja anatsitsa mawu n'kunena kuti ngati ndingabwere Loweruka ndi kangachepe m'manja, angathe kundiyezera ndi timapepala toyezera mwachangu timene tinatsalako, koma risiti ndi chidindo ndisayembekezere.

Bambo uja sindimuimba mlandu, ndipo ndikupemphani kuti nanunso musayambe kufufuza kuti anali yani. Anali munthu wodziwa ntchito yake amene wakhala zaka akuyang'anira makina ogona, ndipo anayesa kundithandiza m'njira yokhayo imene inatsala yotsegula. Koma pepala lopanda chidindo silikanandithandiza kwa wogula wakunja, motero timatumba tija ndinatitumiza ku labotale ya ku South Africa, n'kulipira ndalama zakunja panthawi imene kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene ikanagula mankhwala oyezera a makina ofunditsidwa chitenje aja inakathera ku Johannesburg.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti funso loti kodi zipangizo za yunivesite zizigwira ntchito za amalonda kapena ayi linayankhidwa kale, chifukwa ntchitozo zikugwiridwa. Amene anayendako m'makonde a malabotale amadziwa kuti womanga nyumba amabwera ndi timabuloko ta konkire kuti tiphwanyidwe pa makina oyezera mphamvu, wokumba mjigo amabwera ndi botolo la madzi, ndipo mphunzitsi wina amene wapeza ganyu kunja amayezera dothi la ganyuyo pa zipangizo za sukulu madzulo ophunzira ataweruka. Zonsezi zimadya magetsi, mankhwala ndi moyo wa makina, koma nthawi zambiri yunivesite siona ngakhale tambala, ndipo wamalonda wopanda mnzake m'katimo amabwerera pachipata. Dongosolo limene palibe amene analilemba limakomera odziwana okha.

Zipangizozi si za munthu. Yunivesite ya Malawi inatsegula zitseko mu 1965 ndi ndalama za anthu, ndipo sukulu za Polytechnic ndi Bunda zinakhazikitsidwa kuti zitumikire ntchito zamanja, mafakitale ndi ulimi wa dziko lino. Yunivesite ya MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, imene inalandira ophunzira oyamba mu 2014, inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, ndipo ngongole ya boma amabweza ndi okhoma msonkho, kuphatikizapo ife amene timakhoma msonkho pa botolo lililonse la chiponde. Mu 2021, pamene Yunivesite ya Malawi inagawidwa, Polytechnic inatenga dzina latsopano la MUBAS, limene likutchula malonda ndi sayansi yogwiritsidwa ntchito, ndipo chaka chomwecho dziko linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, amene mwa nsanamira zake zitatu ziwiri ndi ulimi wamalonda ndi mafakitale. Mayina ndi masomphenya amenewa ndi lonjezo, ndipo wamalonda amaona ngati lonjezolo ndi loona kapena ayi pa tsiku limene wafika pachipata ndi kathumba ka mtedza.

Ena mwa inu adzanena kuti makina ofufuzira ndi osalimba ndipo akagwiritsidwa ntchito kwambiri adzatha msanga. Akatswiri a mu labotale amene ndakhala ndikucheza nawo amanena zosiyana: makina otere amafa msanga akamangokhala. Timapaipi take timauma n'kutsekeka, tizipangizo toletsa kudontha timalimba n'kusweka, batire losunga magetsi limafooka, ndipo munthu amene anaphunzitsidwa kuwayendetsa amaiwala kapena amachoka kukafuna msipu wobiriwira. Kuwonjezera apo, makina oyezera amafunika kuwongoledwa nthawi ndi nthawi kuti asamanamize, amafunika chipinda chozizira, komanso magetsi osadukaduka, chinthu chimene tonse tinaona kuvuta kwake pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mabungwe akunja amakonda kugula makina chifukwa makina amaoneka bwino pa chithunzi cha tsiku lopereka, koma sakonda kulipira dizilo wa jenereta wa chaka chachisanu. Ndalama ya tsiku ndi tsiku yoteroyo ingachokere kwa ife amene tikufuna kuyezetsa katundu mlungu uliwonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikupemphani kuti mupamvetsetse: ndalama imene wamalonda walipira iyenera kubwerera ku labotale imene yagwira ntchitoyo. Ikangolowa m'thumba lalikulu la yunivesite, imakazimirira mu ngongole ya madzi, chakudya cha misonkhano ndi malipiro a apaulendo, ndipo mwezi wotsatira katswiri uja amapezeka akulembanso kalata yopempha botolo limodzi la mankhwala, kalata imene idzayenda miyezi m'maofesi ogula katundu. Munthu wogwira ntchito akaona kuti thukuta lake silisintha kanthu pa tebulo lake, amabwerera ku ganyu wa Loweruka, ndipo sindingamudzudzule. Labotale iliyonse yogwira ntchito zakunja ikhale ndi akaunti yakeyake yowerengedwa ndi owerengera ndalama chaka chilichonse, gawo lalikulu lizigula mankhwala ndi kukonza makina, gawo lina lizipita kwa anthu amene agwira ntchitoyo poyera ndiponso lokhomedwa msonkho, ndipo yunivesite izitengapo gawo lake la magetsi ndi nyumba. Malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma amalola mapangano a nthawi yaitali ndi ogulitsa, choncho palibe chifukwa choti mankhwala ogwiritsidwa ntchito mlungu ndi mlungu aziitanitsidwa ngati mukugula galimoto. Ku Germany, bungwe la kafukufuku la Fraunhofer, limene linayamba mu 1949, limalandira kuchokera ku boma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake za kafukufuku, zotsalazo limazipeza pogwira ntchito za makampani ndi mapulojekiti opikisanirana, ndipo nthambi imene yakopa ntchito zambiri za mafakitale imaonjezeredwa thandizo. Sitingafanane nawo pa chuma, koma nzeru yoti wogwira ntchito aone phindu la ntchito yake siifuna dziko lolemera.

Za mtengo ndinene mosabisa, ngakhale zikundipweteka ine ndemwe. Musatichepetsere mtengo mpaka kufika poti okhoma msonkho azilipirira makampani. Werengani zonse: mankhwala, nthawi ya katswiri, magetsi, kutha kwa makina, ndi kuwongola makinawo, kenako muike mtengowo pa khoma ndi pa intaneti kuti aliyense auone. Kampani yaikulu ya shuga, ya simenti kapena ya migodi ilipire mtengo wonse ndi phindu pamwamba, chifukwa mtengo wotsika mopitirira ungaphe malabotale a anthu wamba amene amagula okha makina awo. Koma gulu la amayi ofinya mafuta ku Dowa kapena kopaletivi ya alimi a uchi ku Nkhata Bay likhale ndi mtengo wake wotsikirapo, wolembedwanso poyera, ndipo kusiyanako kulipiridwe ndi thumba lodziwika, osati ndi chifundo cha munthu amene wapezeka pa desiki tsikulo. Pamenepa a National Commission for Science and Technology mungathandize kwambiri pokhazikitsa makuponi oyezetsera katundu a mabizinesi ang'onoang'ono, ndiponso posunga kaundula mmodzi wosonyeza makina amene ali ku Zomba, ku Bunda, ku Chichiri, ku Ndata ndi ku Mzuzu, ndi amene akugwira ntchito mwa iwo. Lero munthu amadziwa za makina ena mwa mphekesera chabe, ndipo n'zotheka kuti mayunivesite awiri apemphe makina ofanana kwa opereka thandizo pamene ena ofanana nawo ali pansi pa chitenje.

Chidindo cha yunivesite pachokha sichikwanira kwa wogula wakunja. Iye amafuna zotsatira zochokera ku labotale yovomerezeka pa muyezo wa dziko lonse lapansi wa malabotale oyezera zinthu, wotchedwa ISO/IEC 17025, ndipo m'chigawo chino cha Africa bungwe limene limapereka chivomerezocho ku mayiko opanda bungwe lawolawo, kuphatikizapo Malawi, ndi SADCAS, limene likulu lake lili ku Gaborone. Njira yake ndi yotopetsa: chilichonse chilembedwe, makina aliwonse akhale ndi mbiri yake, ndipo labotale iziyezetsa luso lake poyerekeza zotsatira zake ndi za malabotale ena. Musayese kuvomerezetsa malabotale onse nthawi imodzi. Yunivesite iliyonse isankhe ntchito ziwiri kapena zitatu zimene imazidziwa bwino, ina chakudya ndi dothi, ina konkire ndi zitsulo, ina madzi ndi miyala ya m'migodi, n'kuzifikitsa pa muyezo. Sindikunena kuti mulande ntchito ya Malawi Bureau of Standards, imene yakhala ikuyang'anira miyezo kuyambira 1972. Bungwelo ndi loweruza ngati katundu walowa pa msika moyenera, pamene ife tikufunanso wotithandiza tisanafike kwa woweruzayo, wotiuza chifukwa chimene mafuta akulekanirana ndi chiponde m'botolo kapena chimene mabuloko akusweka asanakwane masiku 28. Ndipo poti dziko likulankhula za migodi ya Kasiya, Kangankunde, Songwe Hill ndi Kayelekera, n'zomvetsa chisoni kuti miyala yambiri yofuna kuyezedwa mozama imakwera ndege kupita ku South Africa ndi ku Australia, pamene ophunzira athu a za miyala akumaliza sukulu asanagwirepo ntchito yeniyeni yotere.

Kuyeza katundu ndi gawo losavuta. Chovuta chimabwera pamene wamalonda ndi wofufuza apanga chinthu chatsopano limodzi, monga makina osendera mtedza osaswa maso kapena njira yosungira chiponde miyezi yambiri popanda mankhwala, chifukwa pamenepo funso loti mwini nzeruyo ndani limadanitsa anthu amene dzulo ankadyera mbale imodzi. Funsoli liyankhidwe pa pepala ntchito isanayambe. Dziko la America linaliyankha mu 1980 ndi lamulo lotchedwa Bayh-Dole, limene linalola mayunivesite kukhala eni a zimene atulukira ndi ndalama za boma, bola agawireko wotulukirayo. South Africa inakhazikitsa lamulo lake mu 2008, ndipo muli mfundo ziwiri zimene ndikuona kuti zingatithandize. Yoyamba ndi yoti wofufuza amalandira osachepera 20 peresenti ya ndalama zokwana miliyoni imodzi yoyamba ya marandi zimene nzeru yake yabweretsa, kenako osachepera 30 peresenti ya phindu lotsatira. Yachiwiri ndi yoti kampani imene yalipira mtengo wonse wa kafukufuku, osatsalako kanthu, kafukufukuyo saonedwa ngati wolipiridwa ndi boma, choncho ingathe kupangana zokhala mwini wa zotulukazo. Koma imene yalipira theka singatenge zonse. Mfundo yachiwiriyi ndi yachilungamo kwa onse, ndipo imaphunzitsa ife amalonda kuti tisamafune kukolola pamunda umene sitinalime.

Tili ndi chitsanzo chathu chomwe. Makina othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, otchedwa Pumani, anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku Houston ku America, sukulu ya madokotala ya College of Medicine ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene anamwino ndi madokotala athu anawayesa ndi kuwongola kapangidwe kake pa makanda enieni. Makinawa apulumutsa ana ambiri m'zipatala za dziko lino ndi mayiko ena, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchitoyo ayenera ulemu. Koma itafika nthawi yowapanga ambiri ogulitsa, ntchitoyo inatengedwa ndi kampani ya ku California. Dzina ndi lachichewa, luso lina ndi lathu, koma fakitale ili kutsidya kwa nyanja. Fakitale yotero siingamere kuno ngati amisiri ndi makampani athu saloledwa kuyandikira makina odulira zitsulo, oyezera ndi osindikizira zinthu amene ali m'mayunivesite, pamene paliponse m'dziko muno palibe wamalonda wamng'ono amene angawagule yekha.

Tsono walira mvula walira matope, ndipo ndikanakhala wosakhulupirika ndikanabisa matope amene ndalama za makampani zimabwera nawo. Choyamba kuwonongeka ndi nthawi ya ophunzira. Labotale ikayamba kulowetsa ndalama, mayesero amakhala oti wophunzira wa chaka chachinayi adikire kaye chifukwa makina ali pa ntchito ya kampani, ndipo mwana amene makolo ake anagulitsa ng'ombe kuti aphunzire amamaliza osawagwirako. Lembani m'dongosolo lanu maola amene makina ndi a ophunzira okha, ndipo kampani ngakhale ikhale yaikulu bwanji isawalande. Koposa apo, ntchito zathuzo zikhale mbali ya maphunziro: wophunzira aime pambali pa katswiri poyeza mtedza wanga, aone mmene zotsatira zimalembedwera, ndipo dzina lake lidziwike kwa ine, chifukwa mawa ndi amene ndidzamulembe ntchito.

Matope ena ndi oopsa kuposa apa, chifukwa amakhudza choonadi chenicheni. Mu 1996 ku Toronto m'dziko la Canada, dokotala wina wa matenda a magazi, Nancy Olivieri, amene ankayesa mankhwala otchedwa deferiprone ndi ndalama za kampani ya Apotex, anaona zizindikiro zoti mankhwalawo angakhale ndi chiopsezo ndipo anafuna kudziwitsa odwala ake. Kampaniyo inaimitsa kafukufukuyo n'kumuchenjeza kuti imutengera kukhoti, potengera ndime ya chinsinsi imene inali m'pangano limene anasainira, ndipo panthawi yomweyo yunivesite yake inali kukambirana ndi kampaniyo za thandizo lalikulu la ndalama. Mkanganowo unatenga zaka, ndipo kafukufuku wa bungwe la aphunzitsi a mayunivesite a ku Canada mu 2001 anapeza kuti dokotalayo anachita zoyenera ndipo sanatetezedwe mokwanira. Ku yunivesite ya Berkeley ku America nako, mu 1998, kampani ya Novartis inapereka madola 25 miliyoni pa zaka zisanu ku dipatimenti ya sayansi ya zomera, n'kupatsidwa mwayi woyamba wokambirana za pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zotulukira za dipatimentiyo komanso mipando iwiri mwa isanu ya komiti yosankha kafukufuku woti athandizidwe, ndipo aphunzitsi anagawanika kwambiri pa nkhaniyo. Ngati mayunivesite olemera chotero anagwedezeka, ndiye athu amene amadikira ndalama za boma mochedwa angagwedezeke motani? Pangano lililonse likhale ndi ndime imene palibe kampani ingaifufute, yonena kuti chinsinsi cha malonda chidzasungidwa koma chiopsezo pa moyo wa anthu sichidzabisidwa. Kasakanizidwe ka chiponde changa ndi kanga, ndipo sindifuna kuti kakapezeke kwa wopikisana nane; koma chiponde changa chikapezeka ndi poizoni wopitirira muyezo, ndilibe ufulu wogula kukhala chete kwanu.

Pa chifukwa chomwechi, mphunzitsi amene ali ndi gawo mu kampani ina, kapena amene amalandirako malipiro a upangiri, alembetse zimenezo poyera ndipo asasaine zotsatira za katundu wa kampaniyo. Timabuloko ta konkire ta sukulu kapena mlatho tikayezedwa ndi munthu amene akudya kwa womangayo, chikalata chimatuluka chokongola, koma khoma limadzanena zoona nthawi ya mvula, ana ali m'kalasi.

Nafenso amalonda tili ndi zathu zofunika kuvomera. Timachedwa kulipira, timafuna zotsatira za lero pa katundu amene tabwera naye madzulo, ndipo ambiri a ife tikamati tikufuna kuyezetsa timatanthauza kuti tikufuna pepala lonena kuti zonse zili bwino. Ndivomere pano kuti tsiku limene ndinkadzaza timatumba tija, dzanja langa linkathamangira mtedza wonenepa ndi wosalala, kusiya wofota ndi wosweka umene chuku chimakonda, mpaka mayi wina amene amasankha mtedza pa fakitale yanga anandiyang'ana n'kufunsa ngati wogulayo adzadye wokhawo umene ndasankhawo. Poizoni wa chuku sakhala mofanana m'thumba lonse. Maso ochepa oipa angaipitse katundu wambiri, choncho katengedwe ka mtedza woyezetsa n'kofunika mofanana ndi makina enieniwo. N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa ntchito zofuna chikalata, anthu anu azibwera okha kudzatapa m'matumba ndi chobayira, pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, ife tilipire ulendowo. Tilipiritseni theka ntchito isanayambe, ndipo amene wakana zotsatira akhale ndi ufulu wokayezetsa kwina, koma asakhale ndi mwayi woimbira foni mkulu wina kuti manambala asinthidwe.

Sindikupempha nyumba yatsopano kapena mwambo wodula riboni. Zimene ndikupempha zingayambe ndi zimene muli nazo kale: desiki limodzi pa yunivesite iliyonse pamene wamalonda angafikire popanda kudziwa dzina la munthu, nambala ya foni imene imayankhidwa, tsamba limodzi losonyeza ntchito zimene mungagwire ndi mitengo yake ndi masiku ake, pangano lachidule lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi limene munthu angaliwerenge popanda loya, ndi chilolezo cha khonsolo choti ndalama za labotale zizitsala ku labotale. Akatswiri a m'malabotale muwaitane pa zokambiranazi ndipo muwapatse mpando wakutsogolo, chifukwa ndi amene akudziwa makina amene ali moyo, amene akudwala ndi amene anafa kale koma akadali m'kaundula.

Alimi a ku Mchinji ayamba kukumba mtedza mvula ikangotha, ndipo pofika Juni ndidzakhala ndi matumba ofuna chikalata. Ndidzafikanso pachipata chomwe chija ndi timatumba tanga, ulendo uno totapidwa mwachilungamo, ndipo ndikadzafunsidwa kuti ndikufuna kuona yani, ndikufuna ndidzathe kuyankha kuti ndabwera ku desiki la oyezetsa katundu, mlonda n'kundilozera njira.

Ine wanu mwaulemu,

Mwini kafakitale ka chiponde, m'chigawo chapakati